Mbale zonse za mu Joni zimayang'ana kumodzi

Ukakwera padenga la nyumba yosanja ku Yeoville kapena ku Rosettenville n'kuyang'ana uku ndi uku, chimene chimadzaza maso ndi mbale za kanema. Zina zoyera mbee, zina zadzimbiri, zina zomangidwa pakhonde pomwe anthu amayanika zovala. Koma zonse zinatembenukira kumodzi ngati anthu amene akumvera mlaliki mmodzi: kum'mawa, kupendekera kumpoto pang'ono. Ine ndakhala ndikumanga mbale zimenezi kuyambira 2013, chaka chimene ndinatsika basi pa Park Station, amalume anga n'kunditenga kuti ndiziwagwirira makwerero.

Sabata yoyamba ija tinali padenga la matailosi, mphepo ya mu Julayi ikulowa m'mafupa. Amalume anali atakoleka m'khosi kamita kawo koyezera mphamvu ya signal, dzanja lina pa mbale, lina pa sipanala ya 13. Ankakankha mbale pang'onopang'ono, kamita kakulira motsika, kenako mokwera, kenako motsikanso. Anabwerera m'mbuyo kadontho chabe, kulira kuja n'kukhazikika pamwamba.

"Mphwanga, manga bawuti ya kumanzereyo. Usayedzamire mbale."

Nditamanga ndinafunsa kuti, "Malume, kodi kumeneku tikuloza chiyani? Ine ndikungoona mitambo."

"68.5," anatero, akupinda chingwe. Kwa iwo yankho linali lokwanira, ndipo ntchito ankaidziwa kuposa aliyense amene ndamuonapo. Koma ine funso lija linandikhala pamtima zaka zingapo, mpaka ndinayamba kufufuza ndekha usiku pafoni. Zimene ndinapeza ndi mndandanda wa manambala wouma ngati lisiti la m'sitolo. Chinandigwira mtima n'chakuti nambala iliyonse pamenepo ndinali nditaikhudza kale ndi manja padenga, osadziwa.

Chinthu chimene mbale zimalozacho ndi setilaiti, dzina lake ndi Intelsat 20, ife timangoti IS20. Inapangidwa ndi kampani ya Space Systems/Loral ya ku Palo Alto, ku California, pa thupi la setilaiti limene amalitcha LS-1300. Inanyamuka pa 2 Ogasiti 2012 ku Kourou, m'dziko la French Guiana, pa roketi ya Ariane 5, limodzi ndi setilaiti ina yotchedwa HYLAS 2. Ponyamuka inkalemera makilogalamu 6,094, kunena kwake matumba a chimanga a makilogalamu 50 okwana 122. Nambala ya amalume ija, 68.5, ndi malo ake: madigiri 68.5 kum'mawa, pamwamba pa mzere wa ikweta, pakati pa nyanja ya Indian, chakumadzulo kwa zilumba za Maldives. Munthu wa ku Soweto akamaonera mpira wa ku Orlando Stadium, womwe ukuseweredwa pafupi moti phokoso la ochemerera akulimva pawindo, chithunzicho chimayamba chapita pamwamba pa nyanja imeneyo.

Malo amenewa ndi akale kuposa setilaitiyo. DStv itayamba mu 1995 inkagwiritsa ntchito PAS-4 ya kampani ya PanAmSat, yomwe inali pa 68.5 pomwepo. Kenako panabwera PAS-7 ndi PAS-10, zimene zinasintha mayina kukhala Intelsat 7 ndi Intelsat 10 kampani ya Intelsat itagula PanAmSat mu 2006. IS20 inadzalowa m'malo mwa ziwirizi. Amalume ankanena kuti mu 2012 palibe amene anawaitana kuti akatembenuze mbale chifukwa cha kusinthako. Chinthu cha matani 6 chinalowa pa mpando wa zinzake kumwamba, anthu pansi pano akudya nsima, ndipo mbale zomangidwa kalekale zinapitiriza kulandira ngati palibe chachitika. Mu 2016 anawonjezerapo Intelsat 36 pamalo omwewo, moti lero mbale imodzi imamva ziwiri nthawi imodzi.

Nambala imene ndimaiganizira kwambiri ndi 35,786. Amenewa ndi makilomita ochoka pa ikweta kukafika pamene setilaiti ya mtunduwu imakhala. Makasitomala ambiri chithunzi chikasowa amandifunsa kuti, "Kodi setilaiti yasuntha?" Ndimawayankha kuti ayi, yasuntha ndi mbale yanu. Koma zoona zake n'zakuti setilaitiyo sinaimepo n'kamodzi komwe. Ikuthamanga makilomita oposa 3 pa sekondi iliyonse, pafupifupi makilomita 11,000 pa ola. Chinthu chozungulira dziko chikakhala pafupi chimazungulira msanga, chikakhala kutali chimachedwa. Mwezi umatenga pafupifupi masiku 27. Pa mtunda wa makilomita 35,786 ndi pamene ulendo umodzi umatenga maola 23, mphindi 56 ndi masekondi 4, nthawi yomweyo imene dziko limatenga kuti lizungulire kamodzi. Zili ngati anthu awiri oyenda moyandikana ndi liwiro limodzi: ukayang'ana mnzako umamuona ali pomwepo. N'chifukwa chake ndikhoza kumanga mbale ndi mabawuti anayi pakhoma n'kuchoka, osadzabweranso zaka zisanu. Ntchito yanga yonse yatsamira pa kugwirizana kumeneku.

Kuchokera mu Johannesburg mtunda umatalikirapo chifukwa timayang'ana chopendekera, ndi makilomita pafupifupi 38,000. Mbale imaloza madigiri pafupifupi 63 kuchoka kumpoto kupita kum'mawa, ndipo imakwera madigiri pafupifupi 36 kuchoka pansi. Pa mtunda woterewu kuphonya ndi digiri imodzi yokha ndiye kuti kumwambako waphonya ndi makilomita oposa 600, ngati kufuna munthu ku Blantyre iye ali ku Mzuzu. Koma digiri imodziyo m'mphepete mwa mbale ya masentimita 80 ndi mamilimita 7 okha. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene amalume ankakalipira ndikayedzamira mbale, ndiponso chifukwa chimene ankamangira mabawuti mosinthanasinthana, uku pang'ono uku pang'ono, maso ali pa mita. Bawuti imodzi ukaimanga mpaka kumapeto inzake ili yomasuka, imakoka mbale ndi mamilimita angapo, ndipo signal imatsika iwe ukuona ngati wamaliza.

Mbale zathuzi zimanamiza maso. LNB, kachipangizo kamene kali kumapeto kwa mkono, sikakhala pakati pa mbale koma chakumunsi, motero mbale imaona m'mwamba ndi madigiri oposa 20 kuposa kumene nkhope yake ikuoneka kuti yaloza. Tsiku lina mu Disembala anandiitana amayi ena achikulire a ku Turffontein. Chithunzi chawo chinkaduka madzulo alionse kukachita kamphepo, chikhalirecho mu Ogasiti chinali bwinobwino. Mwana wawo anali atadula kale nthambi za mtengo wa jacaranda zimene zinali moyang'anizana ndi mbale, koma vuto silinathe. Ndinakwera, n'kuika tsaya langa kumunsi kwa mbale, n'kuyang'ana modutsa pamwamba pa LNB. Nthambi yolakwa inali pamwamba kwambiri, imene aliyense ankaiona ngati ili kutali ndi nkhaniyi. Nthawi yozizira inali yopanda masamba, mafunde ankadutsa. Masamba ataphuka, odzaza madzi, anatseka njira.

"Amayi, mtengowu usadulidwenso," ndinawauza. "Tingosamutsa mbale ipite kukhoma la uko."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati mtengowo anabzala ndi malemu amuna awo. Ndinasamutsa mbale mamita atatu, chithunzi chinabwerera.

Masamba ndi mvula zimatifikitsa pa mzere wina wa mndandanda uja. IS20 ili ndi ma transponder 24 a C-band, 54 a Ku-band ndi imodzi ya Ka-band, amene ndi mayina a magulu a mafunde. Transponder ndi chipangizo chimene chimalandira mafunde ochokera pansi, n'kuwasintha liwiro la kagwedezeke kake, n'kuwapatsa mphamvu, n'kuwabweza. Sichidziwa kuti mkati mwake muli mpira, ulaliki kapena nkhani. Ambiri amakhala otambalala 36 MHz (MHz ndi GHz ndi miyeso ya kagwedezeke ka mafunde), ndipo chifukwa chakuti zithunzi za masiku ano zimapanikizidwa ndi kompyuta, transponder imodzi imanyamula matchanelo ambirimbiri. Kuti muone kutalika kwa ulendo umene tayenda, Early Bird, setilaiti yoyamba ya Intelsat imene inakwera mu Epulo 1965, inkatha kunyamula mafoni 240 kapena tchanelo chimodzi chokha cha kanema.

Ife a mbale zing'onozing'ono timadya za Ku-band. Mafunde ake amakwera kumwamba pa 14 GHz kapena chapafupi, kuchokera ku mbale zikuluzikulu ngati za MultiChoice, eni ake a DStv, ku Randburg, ndipo amatsika pakati pa 10.7 ndi 12.75 GHz. Funde limodzi la Ku ndi lalitali masentimita awiri ndi theka basi. Kufupika kumeneku ndi kumene kumalola kuti mbale ya masentimita 80 ikwanire. Funde la C-band ndi lalitali katatu, ndipo limafuna mbale ya mamita awiri kapena kuposa, zija zangati sefa zimene tinkaziona kumahotela ndi kunyumba za mabwana kwathu tili ana. Koma kufupika komweko kuli ndi mtengo wake. Madontho a mvula yamphamvu amamwa ndi kumwaza mafunde afupiafupi, pamene aatali a C-band amangodutsa. Ndiye mvula ya mabingu ya kuno, ija imagwa cha m'ma 4 koloko masana nthawi yotentha, ikangoyamba, pa kanema pamabwera E48-32, uthenga wakuti signal yasowa, ndipo foni yanga imayamba kulira.

Ndimawauza kuti adikire mphindi khumi. Ena amakwiya, amati kwawo sikukugwa mvula. Amanena zoona. Mbale ikuyang'ana kum'mawa chopendekera, choncho mtambo umene watseka njira ukhoza kukhala makilomita angapo kutali, chakubwalo la ndege la OR Tambo, pabwalo pawo pali dzuwa. Pa nkhani imeneyi ndili ndi maganizo anga amene sindisintha: mbale yolozedwa mwaulesi imagwira bwino tsiku lopanda mitambo, ndipo mwini nyumba amalipira akusangalala. Ubwino wa mmisiri umaoneka kukachita mdima kum'mawa. Kusiyana kwa signal yongokwanira ndi signal yofika pamwamba penipeni ndi kumene kumasunga chithunzi mvula ikamawaza. Mphindi zisanu zowonjezera padenga, kusuntha mamilimita awiri, kupotoza LNB kadontho, ndi zimene munthu amalipirira, ngakhale sazidziwa.

Kupotoza LNB kuli ndi chifukwa chakenso. Setilaiti imatumiza mafunde ena oimirira, ena ogona, kuti njira imodzi igwire ntchito kawiri. Koma kuimirira kwa chinthu chimene chili pamwamba pa nyanja ya Indian si kuimirira kwa munthu amene ali ku Gauteng, chifukwa dziko ndi lobulungira. Ndiye timapotoza LNB mpaka chingwe chake chiloze ngati pa 4 koloko ukaima kutsogolo kwa mbale. Amalume anandiphunzitsa zimenezi ngati lamulo chabe. LNB yomweyo imatsitsa mafunde a 11 kapena 12 GHz kuwafikitsa pakati pa 950 ndi 2,150 MHz kuti athe kuyenda m'chingwe cha RG6, ndipo pa LNB wamba dikoda imasankha oimirira kapena ogona potumiza mavoti 13 kapena 18 m'chingwe chomwecho. Madzi akalowa pa cholumikizira, kawaya ka pakati kamasanduka kobiriwira, ndipo theka la matchanelo limasowa pamene ena akuonekabe. Ndikamva kasitomala akuti "ena akutuluka, ena ayi," ndimatenga zolumikizira zatsopano ndisanatenge makwerero.

Chimene chimandidabwitsa mpaka lero ndi kuchepa kwa mphamvu. Mapiko a sola a IS20 amapereka makilowati pafupifupi 19. Ndi magetsi osakwana kuwiritsa maketulo 10 nthawi imodzi. Pa masetilaiti a mtunduwu transponder imodzi ya Ku imatulutsa mawati 100 kapena 150, ngati babu lakale limodzi kapena awiri, ndipo kuwala kwa babu limenelo kumamwazidwa pa mayiko athunthu kuchokera pa mtunda wa makilomita 38,000. Chimene chimagwera m'mbale ya munthu mmodzi n'chochepa kuposa gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a wati imodzi. Kanthu kameneko ndi kamene timakasaka ndi sipanala. Ndipo sikachepa anthu akachuluka. Mbale zikhale 1,000 kapena 10 miliyoni, setilaiti imatumiza chimodzimodzi, ngati mvula imene sifunsa kuti pansi pali ndowa zingati. Anyamata amandiuza kuti zonsezi zatha ntchito chifukwa kwabwera Starlink, intaneti yodzera m'masetilaiti imene inafika ku Malawi mu 2023, ndi masetilaiti ake oyenda pafupi, pa makilomita pafupifupi 550. Pa intaneti akunena zoona, chifukwa ulendo wopita ku IS20 ndi kubwerera umadya kota ya sekondi, ndipo pokambirana kuchedwa kumeneko kumamveka. Koma pa nkhani yofikitsa mpira umodzi kwa anthu onse nthawi imodzi, kumudzi kopanda chingwe chilichonse, sindinaone chimene chikuposa mbale ndi setilaiti yokhala pamalo amodzi.

Dzuwa limene limaidyetsa limaivutitsanso. Chakumapeto kwa Malichi kulowa mu Epulo, ndiponso cha mu Sepitembala, pamakhala masiku angapo pamene dzuwa la m'mawa limadutsa kumbuyo kwenikweni kwa setilaiti ukaliona kuchokera kuno. Mbale imamva phokoso la dzuwa kuposa mawu a setilaiti, chithunzi n'kuphwanyika mphindi zochepa, kenako n'kubwerera chokha. M'nyengo zomwezo setilaitiyo imalowa mu mthunzi wa dziko usiku uliwonse, nthawi zina mpaka mphindi 72, ndipo imakhalira mabatire mpaka dzuwa litaionanso. Oonera mafilimu a usiku sadziwa n'komwe.

Mzere womaliza pa mndandanda uja umati inapangidwa kuti igwire ntchito zaka 18 kapena kuposerapo. Poyamba ndinkaganiza kuti zimenezi zikunena za kutha kwa zipangizo, ngati mmene imathera firiji. Koma nkhani yaikulu ndi mafuta. Gawo lalikulu la makilogalamu 6,094 aja linali mafuta, ndipo ambiri anapsa m'masiku oyambirira, chifukwa roketi imangoisiya setilaiti panjira yozungulira mopendekera, yokhayo n'kudzikweza ndi injini yake mpaka kufika pamalo. Otsalawo ndi a moyo wake wonse. Mwezi ndi dzuwa zimaikoka kuti iziyendayenda kumpoto ndi kumwera. Dziko nalo si lobulungira ndendende, motero chinthu chosiyidwa chokha pa 68.5 chimayamba kutsetserekera cha ku madigiri 75 kum'mawa. Ndiye pali anthu pansi pano amene ntchito yawo ndi kuiyang'anira usana ndi usiku, kuyatsa tiinjini take ting'onoting'ono nthawi ndi nthawi kuti isatuluke m'kabwalo ka makilomita makumi angapo. Kukhala pamalo amodzi kuja, kumene ine ndimamangirapo mabawuti anga, kumagulidwa ndi mafuta amene palibe angakawonjezere pa filing'i siteshoni. Akatsala pang'ono kutha, amaikweza makilomita pafupifupi 300 pamwamba pa mzere wa zinzake, n'kuizimitsa, kuti mpando utsalire ina.

Sikuti zonse zimafika pa ukalamba wotere. Intelsat 33e, imene inakwera pa roketi imodzi ndi Intelsat 36 pa 24 Ogasiti 2016, inasweka zidutswazidutswa mu Okutobala 2024 ili pa madigiri 60 kum'mawa, pafupi ndithu ndi kumene mbale zathu zimaloza. Nditamva nkhaniyi ndinakhala chete m'galimoto kwa kanthawi. Ndinaganiza za madenga onse amene ndakwerapo, nyumba za anthu amene amasunga ndalama mwezi wonse kuti ana aonere makatuni ndi bambo aonere Chiefs ndi Pirates, onsewo atapachika chisangalalo chawo pa makina amene munthu sangawafikire ndi makwerero alionse. Ukawerenga zaka 18 kuchokera mu 2012 umafika mu 2030. Kampani ya Intelsat nayo inagulidwa ndi SES ya ku Luxembourg mu 2025. Amene adzakhale pa 68.5 pambuyo pake adzakhala ndi dzina lina, ndipo chimene ndimafuna n'chakuti adzalowe mwakachetechete ngati mmene inalowera IS20.

Amalume anabwerera kumudzi ku Ntcheu mawondo atayamba kukana makwerero. Chaka chatha nditapita kukawaona ndinawatengera mbale ya masentimita 90 ndi dikoda ya matchanelo aulere, chifukwa pa 68.5 palinso matchanelo ambiri osalipira, makamaka a mapemphero, ndipo azakhali amawakonda. Ntcheu ili kufupi ndi ikweta ndiponso kum'mawa kuposa Johannesburg, choncho setilaiti yomweyo imaoneka pamwamba kwambiri, madigiri pafupifupi 47 m'malo mwa 36. Ndinawerengeratu zimenezi ndili m'basi. Tinakumba dzenje kuseri kwa nyumba, kutali ndi mtengo wa mango, n'kuimika chitsulo ndi simenti, n'kudikira masiku awiri kuti iume.

Tsiku lomanga, amalume anatulutsa mpando n'kukhala pamthunzi, kamita kawo kakale kaja kali pamiyendo, chingwe chikuchokera kwa ine. Ana a m'mudzi anazungulira. Ndinakweza mbale kufika pa chizindikiro, n'kuyamba kuitembenuza kuchokera kumpoto, pang'onopang'ono, kulowera kumene dzuwa limatulukira. Kwa nthawi ndithu kunali zii. Kenako kamita kanayamba kulira motsika.

"Pitiriza, mphwanga," anatero osatsegula maso. "Pang'ono. Wapitirira, bwerera. Kwezako kadontho."

Kulira kunakwera, n'kukwera, n'kukhazikika.

"Manga pamenepo. Uyambe ya kumanzere."